Dzina la Mnyamata pa Chitseko cha Amayi

Tadala ndi Yamikani, dokotala wathu wa ku Crumlin wanena kuti msana wangawu wagwira ntchito ya misana iwiri, ndiye ndapuma. Munthu wopuma ali ndi ntchito ziwiri zokha: kudandaula za nyengo ndi kulemba mbiri yomwe palibe wamupempha. Ya nyengo ndimagwira m'mawa. Ndalemba m'Chichewa mwadala, kuti muvutike nacho monga ndinavutikira ine ndi mafomu a dziko lino. Pomwe pakukanikani funsani amayi anu, muwayankhe m'Chingerezi monga mwa mwambo wanu. Tadala, unandifunsa ngati mwana tikumuyembekezerayo angatenge dzina la malemu mchimwene wako Limbani. Ndinakhosomola n'kusintha nkhani. Yankho lili kumapeto, koma usadumphe.

Limbe, ndisanabwere kuno

Za ubwana wanga palibe chonena. Ndinabadwa, ndinakula, palibe anadabwa. Ku koleji ndinapita kukaphunzira za malamulo ndipo ndinakhalako chaka ndi theka. Anthu amati ndinasiya. Zoona zake n'zakuti tinasiyana mwamtendere, koleji ndi ine, aliyense ataona kuti mnzake alibe tsogolo. Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki pa kampani ina ya malole. Bwana wanga, bambo wonenepa wokonda kulankhula atatsinzina, anandipatsa lamulo limodzi tsiku loyamba: "Mbewe, zomwe zalowa m'maso zisatulukire pakamwa." Ndinasunga lamulolo zaka sikisi. Chaka chomwe tinaika Limbani m'manda ndinalitaya, n'kulemba kalata imodzi yomwe munthu wanzeru sakanaisainira dzina lake. Patapita miyezi ingapo ndinali m'ndege, amayi ako, Tadala, atatsala ndi iwe kumsana. Zina zonse ndinafotokozera kale azungu atatu oweruza za othawa kwawo, okhala kuseri kwa tebulo, kasanu konse, ndipo pakamwa panatopa nazo. Chomwe ndinatengapo ndi ichi: ndinalankhula kamodzi, n'kutaya dziko.

Dublin, zaka zisanu ndi zitatu zoyamba

Zaka zinayi ndinagwira ntchito yodikira. Tinali ku hositeli, osaloledwa kugwira ntchito ina, ndipo ndinaigwira mokhulupirika, osajombapo. Mapepala atatuluka amayi anu ndi Tadala ananditsatira kuno, ine n'kuyamba kunyamula makatoni a nsomba zouma pa shopu ina ya pa Moore Street. Fungo lake linkandipezera mpando m'basi ngakhale itadzaza. Kenako ndinachita kosi ya keya, sukulu yokhayo yomwe ndinamaliza pamoyo wanga, ndipo ejensi ina inandilemba ntchito yoyendera okalamba m'makomo mwawo: kuwasambitsa, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala, kuwafunsa ngati apita kuchimbudzi.

Supavaiza wathu anali Noreen, mayi wamfupi wa mtima wabwino ndi foni ziwiri zosaleka kulira. Chilichonse chinali chopelewera. Antchito opelewera, magolovesi opelewera, nthawi yopelewera. Nyumba imodzi theka la ola, ndipo pa pepala la Noreen munthu ankatuluka nyumba ya ku Crumlin naini koloko n'kulowa ina ya kutsidya kwa mtsinje naini koloko yomweyo. Ndinamufunsa ngati ejensi imagawa malichero owulukira. Sanamve nthabwala, koma anailemba.

Lamulo limodzi lokha ndi lomwe linandikanika. Ankati wodwala aliyense tizimuitana ndi dzina lake loyamba, akuti zimamupatsa ulemu. Ine mwana wa Ambewe, kuitana gogo wa zaka eyite kuti "Mary", ngati ndikuitana mwana wothawa kusamba? Lilime linkakana lokha. Abambo onse ndinkati Bambo, amayi onse Amayi. Noreen anandichenjeza katatu. Amake Joy, mnzanga wa ku Zambia yemwe tinkasinthana naye mashifiti, ankandiseka pa siteji ya basi.

"Ba Mbewe, bazakupishani nchito chifukwa cha ulemu. Kuno ulemu sibadya."

"Mayi, ndikachotsedwa ndidzachoka mwaulemu."

"Muzachoka na njala, mudala."

Dún Laoghaire, chaka chachisanu ndi chinayi

Noreen anandipatsa adiresi ya nyumba ina ya pafupi ndi doko, n'kundiuza kuti wodwala ndi Gilbert, ndipo wathamangitsa kale anthu atatu. Dzinali ndasintha, koma lenilenilo linali lachimuna chimodzimodzi. Ndinakwera sitima ndikukonzekera kumeta ndevu za bambo wovuta. Chitseko anatsegula mayi wamtali, woonda ngati bango, atagwira ndodo mozondotsa.

"Mukufuna Bambo Gilbert," anatero. "Aliyense amafuna Bambo Gilbert. Ndine. Pukutani nsapato."

"Zikomo, Amayi."

"Amayi ndi chiyani?"

Ndinawafotokozera. "Zikhale choncho," anatero. "Inu mukhala Sajenti. Muli ndi nkhope ya munthu amene anauzidwa zoipa kalekale." Kuyambira tsikulo ndinali Sajenti, udindo wapamwamba kuposa wina uliwonse womwe ndinaufikapo.

Anali Mngelezi. Kuno anatsatira mwamuna wa ku Ireland, mwamunayo n'kumwalira, iwo n'kutsala ndi nyumba yoyang'ana kunyanja. Ana analibe. Ntchito yawo moyo wonse inali kupha anthu pa TV. Ankalemba masewero a apolisi, aja amayamba ndi mtembo n'kutha ndi unyolo, ndipo analemba zaka zoposa makumi atatu. Anayamba ngati wotaipa pa ofesi ina ya kanema ku England. Sewero lawo loyamba analitumiza pa positi kwa mabwana a chipinda chapamwamba cha nyumba yomweyo, atasaina dzina lawo. Mabwanawo analikonda, n'kuyankha kuti Bambo Gilbert abwere Lachinayi. Iwo analowa Lachinayi. Mabwana anawauza kuti, "Mtsikana, tiphikire tiyi, tikudikira mlendo." Anaphika tiyi, anathira m'makapu anayi, n'kukhala pampando wa mlendo uja n'kuyamba kumwa.

"Ndikanakhala Susan," ankatero, "ndikanataipa mpaka imfa."

Za komwe dzinalo linachokera anali ndi nkhani yomwe dziko lonse la kwawo linkaidziwa, chifukwa ankainena paliponse atolankhani akafunsa. Akuti bambo awo ankakonda mpikisano wa mahatchi, ndipo tsiku lomwe iwo anabadwa inapambana hatchi yotchedwa Gilbert. Bambo anapita kukalembetsa mwana ataledzera, ndiye basi. Ankaimaliza ndi mawu amodzimodzi: "Mwayi wanga, hatchi yachiwiri inali ndi dzina loipa kwambiri." Anthu ankaseka. Inenso ndinaseka, ulendo woyamba ndi wachiwiri.

Khoma la chipinda chawo cholembera linali lodzaza timakadi tobayidwa ndi mapini, kadi iliyonse munthu mmodzi. Sankalembanso, manja anali atakana, koma mutu unkagwirabe ntchito, ndipo ndikamawadula zikhadabo ankandiphunzitsa. "Yambani ndi mtembo, Sajenti, kenako mubwerere m'mbuyo. Owonera amayang'ana amene akulankhula kwambiri. Inu muziyang'ana amene wakhala chete pakona." Masana tinkaonera masewero awo akale. Ejensi inkanditcha wosamalira, koma kwa zaka ziwiri ndinaona anthu akufa ndi poizoni, mfuti, masitepe, pilo, ngakhale chitsulo chositira. Tsiku lina ndinanena mocheza.

"Amayi, mwapha anthu m'njira zonse, koma simunamizepo munthu m'madzi. Chikhalirecho nyanja ili pakhomo."

Anazimitsa TV. Ndinaganiza kuti ndakhala wachinayi kuthamangitsidwa.

"Zaka makumi atatu," anatero, "atolankhani, maprofesa, palibe anaona. Waona ndi munthu wondidula zikhadabo. Khalani pansi."

Kunalibe hatchi. Gilbert anali mchimwene wawo. Anamira mu ngalande ya maboti kuseri kwa fakitale ali ndi zaka sikisi, iwo asanabadwe. Patatha chaka anabadwa iwo, ndipo mayi awo anakana dzina lina lililonse. Anawaveka malaya a malemuyo, anawagoneka pa bedi lake. Nthawi ya chakudya ikakwana, mayiwo ankaima pakhomo kuyang'ana ku ngalande n'kumaitana dzinalo.

"Ndinkayankha ndili pambali pawo, nditagwira siketi yawo. Sankatembenuka. Ankaitanabe."

Sindinapeze nthabwala. Ndinafufuza m'matumba monse, munalibe.

"Mwamuna wanga anafa akukhulupirira hatchi," anatero. "Sindikufuna munthu andimvere chisoni, wamoyo kapena ndili m'bokosi. Mutu wangawu wayamba kudontha, adokotala anena. Ndikayamba kuiwala, inu musaiwale kuti mwalonjeza. Lonjezani, Sajenti."

Ndinalonjeza. Kwathu munthu wamkulu akakusungitsa mawu, amakhala ngati wakusungitsa mbeu: sukazinga ngakhale njala ivute. Iwo anali ndi pempho linanso limodzi, lomwe ankalinena kwa aliyense, ngakhale kwa wobweretsa makalata: afere m'nyumba mwawo, pa mpando wa pa windo.

Febuluwale wa chaka chachitatu ndili nawo

Mutu unadonthadi. Anayamba kusunga magalasi mu firiji ndi kundifunsa ngati mtembo wapimidwa. Zimenezo si zachilendo pa ntchito yathu, ndipo munthu amatha kukhala nazo kwawo zaka zambiri. Koma panali chinthu chimodzi. Masiku anga anali abata. Masiku a Amake Joy ndi ena ondilowera m'malo anali nkhondo: kukuwa, kuthamangira kuchitseko, kumenya ndi ndodo. M'buku la malipoti lomwe tinkasiya pa tebulo la kukhitchini munkaoneka ngati mukukhala anthu awiri osiyana.

"Ba Mbewe, mumabapasa chani?" anandifunsa Amake Joy. "Ine nikangoti Gilbert, good morning, bayamba kulira ati mwana ali mumanzi."

Ndinadziwa pomwepo. Matenda anali atawalanda dzina n'kulibwezera mwini wake. Akamva munthu akuliitana, sankamva kuti akuitanidwa iwo. Ankamva kuti mnyamata uja akufunidwa ndipo sanapezeke. Ine, ndi kusamvera kwanga kwa ku Limbe, ndinali ndekha wosalitchula. Ndinauza Amake Joy kuti ayese kunena Amayi. Anayesa, zinatheka, koma ejensi inkatumiza aliyense amene wapezeka tsikulo, anthu atsopano sabata iliyonse, onse ophunzitsidwa bwino lamulo la dzina loyamba.

Noreen anayamba kukayikira malipoti anga. Anaimbira Helen, mwana wa mlamu wawo, yekhayo wachibale, ndipo anagwirizana kuti kubwere nesi wa boma adzaone ngati Amayi angapitirize kukhala pakhomo. Amayi anu ndinawauza zonse, chifukwa lonjezo la mwamuna wokwatira limakhala ndi khomo lakumbuyo. Anali kusita yunifolomu yanga ndipo sanakweze mutu.

"Kanene, bambo a Tadala."

"Ndinalonjeza."

"Munalonjeza munthu wamutu wabwino. Uyu akudwala. Chinsinsi n'chofunda kodi? Adzafunda chinsinsi akamutulutsa m'nyumba?"

Mu sitima m'mawa mwake ndinakonza mawu. Pofika pa doko ndinali nditawakonza bwino kwambiri moti akanandipatsa digiri ija.

Nesi anali mtsikana waulemu, wa fomu ya masamba ambiri. Tinakhala m'chipinda chochezera: iye, Helen, Noreen, Amayi pa mpando wawo wa pa windo, ine nditaima pakona pafupi ndi chitseko. Amayi anali bwino tsikulo. Anali atandilola kuwapesa, ndipo anauza Helen kuti chikhoto chake chikuoneka ngati cha mboni yabodza. Nesi anagwada patsogolo pawo, anawagwira dzanja mwachikondi, n'kunena mokweza monga amachitira ndi okalamba:

"Gilbert! Gilbert, mukundimva?"

Amayi anadzuka ngati alumidwa. Anayang'ana kunyanja, n'kuyamba kumenya galasi la windo ndi manja onse awiri. "Mutulutseni! Mwaimiranji? Ali m'madzi, mutulutseni!" Nesi anabwereza dzinalo kuti awakhazike mtima pansi, Helen naye analibwereza. Ndodo inapeza nesi pachipumi. Ndinawagwira mapewa n'kunena chapansipansi, "Amayi, Amayi, ndi Sajenti," mpaka anakhala pansi.

Nesi anapukuta magazi n'kutembenukira kwa ine. "Inu mumawadziwa kuposa tonse. Pali chomwe chimayambitsa zimenezi?"

Mawu aja ndinali nawo. Ndinayang'ana Amayi. Anali kundiyang'ana, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati m'maso amenewo munali munthu wondikumbutsa lonjezo kapena munalibe aliyense. Ndinafuna njira yapakati, yomwe ndi njira ya anthu amantha ovala taye.

"Mwina musamawaitane ndi dzina," ndinatero.

"Chifukwa chiyani?"

"Kwathu sitiitana akuluakulu ndi dzina."

Noreen anatseka maso. Nesi anamwetulira mokoma mtima, kumwetulira komwe azungu amasungira chikhalidwe cha anthu ena. Helen anaseka pang'ono. "Azakhali amalikonda dzina lawo," anatero. "Simunamve za hatchi?"

"Ndinamva," ndinatero.

Ndi zokhazo zomwe ndinanena. Nesi analemba masamba ake. Ine ndinakaphika tiyi.

Miyezi itatu yotsatira

Anawatengera ku nyumba ina yosungira okalamba, kutali ndi nyanja. Sinali nyumba yoipa, ndipo sindiitchula. Inali yaukhondo, yofunda, ya antchito otopa ngati ife. Ine Noreen anandisamutsira kwa bambo wina wa pakati pa mzinda wa Dublin wokonda kulavula. Ndinadziuza kuti ndasunga mbeu. Ndinadziuza zimenezo masabata sikisi, kenako Lamulungu lina masana, titatuluka m'tchalitchi, amayi anu anandipatsa jekete n'kundilozera njira ya ku nyumba ya okalamba ija.

Chitseko cha chipinda chawo ndinachizindikira ndili patali. Panali dzina lija m'malembo akuluakulu, kuti asasochere, ndipo pansi pake wina wa mtima wabwino anamatapo chithunzi cha hatchi. Ndinaima m'khonde mphindi khumi. Wobweretsa tiyi analiitana. Wokolopa analiitana. Nesi wodutsa analiitana moimba. Anthu mwina makumi awiri pa tsiku, aliyense mwachikondi, ankamiza mwana uja pamaso pawo. Amayi anali pa bedi lotchingidwa m'mbali, atapatsidwa mankhwala oziziritsa, mawu atatha ndi kukuwa. Anali atatsala theka.

Ndinapita kwa sisitala woyang'anira, mayi wa ku India, n'kumuuza zonse: ngalande, malaya, mayi woima pakhomo. Sindinakonze mawu. Anamvetsera, anati, "Mayo ine," m'chilankhulo chake, anapita pa chitseko, anamatula dzina ndi hatchi yomwe, n'kundifunsa kuti alembe chiyani. Ndinamutchulira malembo asanu. Anauza anzake pa foni ya m'khonde. Zonsezi zinatenga mphindi ziwiri. Ndinayang'ana wotchi, chifukwa ntchito inandizoloweza kutero. Mphindi ziwiri. Palibe anaseka, palibe anaitana atolankhani, denga silinagwe.

Pofika Lamulungu lotsatira anali atachepetsa mankhwala ndipo Amayi anali atakhala pampando. Ndinaimbira Helen kufunsa ngati angabwerere kwawo. Anati nyumba yachotsedwa kale katundu ndipo pali chikwangwani pa geti. Timakadi ta pakhoma anataya, poganiza kuti ndi zinyalala. Analira pa foni. Anati, "Mukanandiuza." Ndinati inde.

Ulendo womaliza anandizindikira. Windo la kumeneko linkayang'ana poimika magalimoto.

"Sajenti. Kuno si kwathu."

"Ayi, Amayi."

"Wachita ndani?"

"Tikufufuzabe, Amayi."

Anagwedeza mutu ngati bwana wokhutira ndi lipoti. "Muyang'ane amene anakhala chete pakona," anatero, n'kupempha bisiketi.

Anamwalira mwezi wotsatira, pa bedi la eni ake. Pa maliro panabwera anthu a TV ochokera ku England, okalamba ovala masikafu. Mmodzi anaimirira n'kunena nkhani ya hatchi, mpaka pa hatchi yachiwiri ya dzina loipa. Tchalitchi chonse chinaseka. Helen anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana, ndipo tonse awiri tinaseka nawo. Ndi gawo lokhalo la lonjezo lomwe ndinalisunga popanda kuvulaza munthu.

Chaka chino

Ndinagwira keya zaka zina zambiri. Noreen atamva nkhani yonse anawonjezera funso pa fomu yake, loti wodwala amafuna kuitanidwa chiyani, ndipo sanandichenjezenso. Amake Joy amati ndiye mendulo yanga. Ndimaivala mkati.

Tsopano Tadala. Kwathu timatcha ana maina a malemu, ndipo si mwambo woipa. Ine ndili ndi dzina la agogo anga, omwe anafa atakhuta masiku, atalitha dzinalo ngati nsapato, n'kundisiyira lofewa. Limbani anafa ndi zaka ziwiri. Dzina lake silinathe ntchito. Iwe sudziwa, koma utabadwa achibale anafuna kukupatsa lomwelo, poti limakwana mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo amayi ako anakana osapereka chifukwa. Mpaka lero, akamva mayi wina akuliitana mu shopu ya pa Parnell Street, amatembenuka n'kuyang'ana pansi, pa msinkhu wa mwana wa zaka ziwiri. Ndawaona. Sindikufuna mdzukulu wanga adzayankhe ali pambali pa agogo ake, iwo akuyang'ana kwina.

Mwana ndi wako ndi mwamuna wako, ndipo mukasankha Limbani ndidzamunyamula chimodzimodzi, msana ukalola. Koma unandifunsa, ndipo ulendo uno sindikaphika tiyi. Mupatseni lake, latsopano, loti akaitanidwa azidziwa kuti akufunidwa ndi iyeyo. Ndanena chitseko chisanalembedwe.